Mwala Wonga Mazira a Nsomba

Ndaona Makwinja anafika ku Nkhata Bay mu Febuluwale, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku. Kwawo kunali ku Thyolo, kumene anagwira ntchito zaka khumi ndi ziwiri mu ofesi yosunga mafayilo a ogwira ntchito m'boma. Kalata yomusamutsira kumpoto itabwera, anzake anamumvera chisoni ngati kwagwa maliro, koma iye anangomanga katundu wake. Mwamuna analibe, ndipo mwana wake mmodzi yekhayo anali pasukulu yogonera komweko ku Blantyre. Anapeza nyumba ya zipinda ziwiri paphiri la kumtunda kwa Mwaya, kwa bambo Simon Longwe, mkulu wa mpingo amene anthu onse ankawatchula kuti ada Longwe.

Pakatundu wakeyo panali mwala wokulunga m'chitenje chakutha. Kukula kwake kunali ngati chibakera cha munthu wamkulu, koma ukaunyamula unkalemera mopitirira msinkhu wake. Unali wofiira moderako ngati chiwindi cha mbuzi, ndipo thupi lake lonse linali tinjere tobulungira, tating'ono ngati mawere, tomatana thithithi. Bambo ake a Ndaona anautola ku Joni, cha kufupi ndi Pretoria, akukumba maziko a nyumba za anthu. Anabwera nawo pamodzi ndi mabulangete ndi wailesi. Mabulangetewo anatha, wailesi inafa, koma mwala unakhalabe pawindo la kuchipinda kwawo. Akafunsidwa kuti ndi wa chiyani, ankangoti, "Ndinangouona kukongola." Atamwalira, abale a Ndaona anagawana njinga, makasu ndi mbuzi. Iye anatenga mwala, ndipo palibe anamuletsa.

Munthu woyamba kumuzolowera ku Nkhata Bay anali Rebecca Mhone, wogulitsa nsomba pamsika. Anali mayi wa mawu okwera, woseka ndi thupi lonse, ndipo Chichewa chake chinkayenda chitagwirana mkono ndi Chitonga. Iyeyu ndiye anaphunzitsa Ndaona kusiyanitsa nsomba ya batala ya lero ndi ya dzulo, ndiponso njira yachidule yokwerera phiri osadutsa kumsewu. Loweruka lililonse ankamubweretsera nsomba mpaka pakhomo, kenako n'kukhala pakhonde kucheza mpaka kuiwala kuti benchi yake kumsika wayisiyira mnzake.

Loweruka lina mu Novembala, dzuwa likuswa mtengo, Ndaona anatulutsa zonse za m'nyumba kuti akolope. Mwala uja unali utachita fumbi, choncho anauika m'beseni n'kuyamba kuutsuka ndi burashi. Madzi anafiirira pang'ono. Nthawi yomweyo Rebecca anatulukira ndi nsomba zake, ndipo atasuzumira m'besenimo anaika dzanja pakamwa.

"Ama Makwinja, ichi n'chiyani? Si mazira a kampango awa?"

"Mazira ati, asisi? Ndi mwala uwu. Taunyamulani."

Rebecca anaunyamula, anautembenuza, anaununkhiza, n'kuukanda ndi chikhadabo. "Zaka makumi awiri ndikutumbula nsomba, ine mazira ndikuwadziwa. Awa ndi mazira, koma auma gwa! Dziko lili ndi zinthu."

Anaseka onse awiri, ndipo Ndaona sanaganizirenso za nkhaniyo.

Koma Rebecca sanali munthu wosunga chodabwitsa m'mimba. Atabwerera kumsika anafotokozera amayi a mabenchi oyandikana naye, mosangalala, ngati munthu amene waona ng'ombe ya miyendo isanu. Tsoka lake, inali nthawi yoipa. Milungu isanu inali itatha usipa osaoneka. Maboti ankapita kutali n'kubwerako ndi nsomba zosadzaza ndi ndowa yomwe, mathandala oyanikapo anali opanda kanthu, ndipo anthu ankadzuka ndi mitima yotupa kale. Nkhani itachoka pabenchi ya Rebecca inayenda yokha, ikumera nthenga panjira. Pofika Lachiwiri, zinkamveka kuti mayi wina wa kummwera ali ndi mazira a nsomba amene anawaumitsa kukhala mwala, ndipo amawasambitsa m'madzi a magazi. Pofika Lachitatu, ena anali atadziwa kale chifukwa chake: mayiyo watseka nsomba za m'nyanja kuti zisaswane.

Ndaona anali womaliza kumva. Choyamba anangoona kuti pampopi amayi akhala chete iye atafika. Kumsika, mayi wina amene ankamugulitsa chinangwa masiku onse anaphimba dengu lake n'kunena kuti zonse zagulidwa kale. Ku ofesi, mesenjala amene ankakonda kumuseka chifukwa cha Chitonga chake chopotoka anamupatsa mafayilo atayang'ana kumbali.

Lachinayi masana atakwera phiri kuti akadye, anapeza amuna asanu ndi mmodzi ataima pabwalo. Patsogolo pawo panali Godwin Mphande, mwini maboti awiri, bambo wamtali wa maso ofiira ndi tulo tosakwana. Sanapereke moni.

"Amama, tabwerera mwala uja."

"Mwala uti, bambo?"

"Musatichedwetse. Wa mazira. Ine ndili ndi anthu khumi ndi awiri odya pa maboti anga, onse ali ndi mabanja. Mutipatse tikauponye pakuya, zanu zithere pomwepo."

Apo m'pamene zonse za sabata imeneyo zinalumikizana m'mutu mwa Ndaona. Anali atamvapo zimene zimachitikira anthu onenezedwa zotere, ndipo anayang'ana chitseko chake chamatabwa opyapyala n'kuona kuti sichingatchinge ngakhale mbuzi. Komabe pakamwa pake panatuluka mawu amene iye mwini sanawayembekezere.

"Mwala umenewo ndi wa malemu bambo anga. Sindikupatsani."

Mmodzi mwa amuna aja anasuntha phazi kulowera kukhonde. Pamenepo ada Longwe, amene anali akukonza mpanda wa dimba lawo, anabwera pang'onopang'ono, chikwanje atachisiya kumpanda komweko. Anayankhula m'Chitonga, osakweza mawu, ndipo Ndaona anangotolapo apa ndi apo. Kenako anabwereza m'Chichewa kuti nayenso amve.

"Ndawauza kuti pakhomo panga munthu salandidwa kanthu. Ngati pali nkhani, tikaikambe Loweruka mmawa ku Mwaya, anthu onse akuona. Mayi, mudzabwere nawo mwalawo. Ine ndidzakhala pambali panu."

Amuna aja anatsika phiri akung'ung'udza. Ndaona analowa m'nyumba, anakhala pansi penipeni, ndipo chakudya sichinalowe.

Mmawa wa Lachisanu, akutseka chitseko kuti azipita kuntchito, anaona Rebecca ataima pansi pa mtengo wa mango, wopanda dengu, wopanda kuseka kwake kuja. Ndaona anafuna kumudutsa.

"Ama Makwinja, ndimenyeni ngati mukufuna, koma mundimve. Pakamwa panga ndi pamene pabala zonsezi. Ine ndinkangosimba zodabwitsa. Dzulo ndalimbana nawo msika wonse mpaka mawu kutha, koma akuti nanenso mwandidyetsa."

"Ndiye mwabwera kudzatani? Kudzaona china choti mukasimbe?"

Rebecca anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje n'kutulutsa foni.

"Mchimwene wanga Chawanangwa ali ndi mwana wamkazi, Bridget. Anaphunzira za miyala ku yunivesite ku Zomba, pano ali ku Mzuzu ndi anthu okumba mijigo. Ndamuimbira. Akuti nditumize chithunzi. Chonde, ndiloleni ndingoujambula."

Mkwiyo unalipo, koma Ndaona analibenso kwina kogwira. Anatsekula chitseko, anatulutsa mwala n'kuuika padzuwa. Chithunzi chitangopita, foni inalira. Mawu a mtsikana, akuitana azakhali ake m'Chitonga, anamveka mpaka pamene Ndaona anaima.

"Ankhazi, mwaupeza kuti umenewu? Musalole munthu autaye! Ndikwera minibasi yoyamba mawa. Mundipezere anyezi mmodzi, mbale yadothi, mwala wonolera mipeni, ndi mazira enieni a nsomba ngati angapezeke."

Rebecca anayang'ana Ndaona. "Mwamva? Akufuna anyezi. Kaya tikukaphika."

Ndaona sanafune kuseka, koma kunamutuluka.

Loweruka mmawa ku Mwaya kunasonkhana anthu oposa makumi anayi. Asodzi anakhala pamphepete pa maboti awo, amayi anaima m'magulu atapinda manja, ndipo ada Longwe anakhala pampando umene wina anawabweretsera kuchokera ku loji yapafupi. Ndaona anaima pambali pawo, mwala uli m'chikwama. Bridget anafika mochedwerapo, akutsika njira mothamanga, atamanga chitenje pamwamba pa buluku. Anali mayi wa zaka ngati makumi atatu, wamfupi, ndipo m'khosi mwake munali chingwe chomangirira kagalasi kokulitsa zinthu. Anagwada kupereka moni kwa ada Longwe, anazungulira kupatsa moni akuluakulu onse m'Chitonga, ndipo anthu anayamba kunong'onezana kuti ndi mwana wa Chawanangwa uja. Kenako anabwera kwa Ndaona.

"Amayi, ndine Bridget. Pepani ndi zimene zakuchitikirani kwathu kuno. Ndingauone?"

Ataulandira, nkhope yake inawala ngati ya munthu amene wakumana ndi mbale wake pa depoti. Anafunsa kumene unachokera, ndipo atamva za Pretoria anagwedeza mutu kangapo. Kenako anatsitsa mawu.

"Ndikupemphani chinthu chovuta. Kuti anthu awa aone okha, ndiyenera kupala mbali imodzi panolo mpaka isalale. Sudzabwereranso mmene unalili. Mukakana, ndiyesa ndi pakamwa pokha."

Ndaona anayang'ana mwala uja. Zaka zonsezi sunagwepo pansi ngakhale kamodzi. Anayang'ananso nkhope za anthu, nkhope ya Godwin, ndi ya mayi wa chinangwa uja amene anaima kumbuyo.

"Palani," anatero.

Bridget anakhala pamchenga, anathira madzi panolo n'kuyamba kupala. Madzi ofiira anayenderera, ndipo amayi ena anabwerera m'mbuyo akufuula. Iye sanasiye. Anangopempha kuti wina abweretse nangula wakale amene anali atagona pafupi ndi boti lina. Atabwera naye, Bridget anakhula dzimbiri la nangulayo ndi dzanja lonyowa n'kukweza zikhato zonse ziwiri, china cha mwala, china cha nangula.

"Magazi ndi ati apa?" anafunsa. Anayankhula m'Chichewa kuti Ndaona asatsalire. "Zonsezi ndi dzimbiri. Mwala uwu ndi wodzaza ndi chitsulo, n'chifukwa chake ukulemera chonchi. Kumayiko ena miyala yotere amaikumba n'kuisungunula, n'kupanga njanji ndi makasu."

Anatembenuza mbale yadothi ija n'kukhwekhwereza mwala kunsi kwake kosapaka utoto. Unasiya mzere wofiira moderako. Mbaleyo inayenda m'manja mwa anthu.

Mbali ija itasalala, Bridget anaitana azakhali ake. Rebecca anali atapezadi mazira a nsomba m'kapepala. Bridget anatenga limodzi n'kulifinya pakati pa zala, ndipo linaphulika n'kusiya timadzi. Kenako anadula anyezi pakati n'kuonetsa anthu mizere yake yozungulira.

"Ada Mphande," anatero, "inu ndi amene mwavutika kwambiri ndi nkhaniyi. Bwerani muyambe ndinu kuona."

Godwin anazengereza, koma anzake anamukankha ndi maso. Bridget anamuonetsa kagwiridwe ka kagalasi, pafupi ndi diso, mwala n'kuubweretsa pang'onopang'ono mpaka zioneke. Bambo uja anawerama nthawi yaitali.

"Mukuona chiyani?"

"Timizere," anayankha monyinyirika. "Tozungulira. Ngati anyeziyo."

"Nanga pakati penipeni?"

"Pali kanthu kowala. Ngati kamchenga."

"Ndi kamchengadi. Munatumbulapo nsomba ya mazira okhala ndi mchenga pakati?"

Wina kumbuyo anaseka, ndipo kuseka kuja kunamasula anthu. Anayamba kukankhana kuti aone nawo. Bridget anasiyira Rebecca kagalasi kuti aziwaonetsa mmodzimmodzi, iye n'kuvula nsapato kulowa m'madzi ofika m'akakolo. Anaitana amene anali atamaliza kuona kuti ayandikire.

"Tayang'anani pansi apa. Funde likabwera, mchenga ukugubuduzika kupita kumtunda. Likabwerera, ukugubuduzikanso kutsika. Tsiku lonse, chaka chonse. Tsono kumene mwala uwu unachokera, lero kuli mapiri ndi nyumba, koma kalekale kunali nyanja ya mchere, ndipo malo amenewo anali osaya ngati pano. Kumtunda kwake miyala inkafumbutuka ndi mvula ndi dzuwa, ngati dothi lofiira limene mumaliona m'mbali mwa msewu wa ku Mzuzu, ndipo mitsinje inkakokolola chitsulo chake kupita nacho m'nyanjamo. Chitsulo chimatha kusungunuka m'madzi osaoneka, ngati mchere, makamaka m'matope a pansi mmene mulibe mpweya. Koma chikakumana ndi madzi a mpweya chimasanduka dzimbiri n'kumatirira pa chilichonse chimene chili pafupi. Ndiye taganizani kamchenga kamodzi. Kamatidwa dzimbiri pang'ono, funde lakagubuduza, kamatidwanso mbali ina. N'chifukwa chake tonse tili tobulungira. Nthawi zina kankakwiririka m'matope n'kukhala momwemo zaka, kenako namondwe n'kukafukula, n'kuyambanso kugubuduzika. Mzere uliwonse umene mwauona ndi chovala chimodzi chimene kanavala."

"Nanga bwanji mchenga wathu uno sukuvala?" anafunsa msodzi wina wachikulire.

"Funso labwino, ada. Pamafunika chitsulo chambiri m'madzi, komanso malo amene mitsinje sikubweretsa mchenga wochuluka. Mchenga watsopano ukamabwera wambiri, tinjere timakwiririka msanga tisanavale kanthu. Zimafuna malo odekha mtima, ndi nthawi yaitali zedi. Kenako matope ndi mchenga zinadzaunjikana pamwamba, zinapsinja, madzi oyenda pansi anasiya zomatira pakati pa tinjereto ngati simenti, ndipo zonse zinauma kukhala thanthwe. Nyanja ija inaphwa, dziko linakwera, mpaka tsiku lina bambo a mayi awa anafika ndi piki yawo. Sindikunamizani kuti zonse zimadziwika. Ophunzira amakanganabe za kumene chitsulo china chinkachokera. Koma zoti si mazira, palibe amene amatsutsa."

Ada Longwe anakweza dzanja ngati ali m'kalasi. "Mwana wanga, ukati kalekale, ukunena zaka zingati?"

"Ngati unachokeradi ku mapiri a ku Pretoria, ada, mabuku amati miyala ya kumeneko ili ndi zaka zoposa mabiliyoni awiri. Nthawi imeneyo padziko panalibe nsomba ngakhale imodzi yoti n'kuikira dzira."

Anthu anachita phokoso. Mkulu uja anagwira chibwano, anayang'ana kumadzi, kenako anati, "Zaka zimenezo ndikaziganizira ndekha kunyumba. Koma timizere ndationa ndi diso langa."

"Ndipo musawaseke ankhazi anga," anawonjezera Bridget. "Azungu amene anayamba kulemba za miyala yotereyi anaipatsa dzina loti oolite, kutanthauza mwala wa mazira. Nawonso anaona zomwezo."

"Mwamva?" anafuula Rebecca, manja m'chiuno. "Ine ndi azungu maso athu ndi amodzi!"

Anthu anafa nacho chiseko. Godwin yekha sanaseke. Anali ataima poteropo, akupotokola chipewa chake.

"Chabwino, si mazira," anatero. "Nanga nsomba zapita kuti?"

Phokoso linatha. Bridget anatuluka m'madzi n'kuima patsogolo pake.

"Sindikudziwa, ada. Ine ndimadziwa miyala. Ndikakuuzani za nsomba ndikhala ndikunama. Zimenezo mukafunse a zansomba, ndipo inu amene mumakhala pamadzi mukudziwa zambiri kuposa ine. Chimene ndikudziwa n'chakuti mukanauponya pakuya mwala uwu, mawa mukanadzuka nsomba kulibebe, ndipo mukanayamba kufunafuna munthu wina."

Godwin anayang'ana pansi. Anapempha kagalasi kachiwiri, anayang'ananso, ndipo ali chiweramire anayankhula ngati akudziuza yekha.

"Pali malo ena kutsogoloku, tikazula nangula amabwera ndi matope okhala ndi tinjere ngati timeneti. Tofiirira. Timangotsuka."

Bridget anachita kudumpha. "Ada, mukunena zoona? Ndinawerengapo kuti ofufuza ena anapeza tinjere ta chitsulo m'matope a pansi pa nyanja yathu ino, koma ine sindinationepo. Mwina n'timeneto, mwina ayi. Mukadzazulanso, musadzatsuke. Mudzandiikire m'botolo."

Bambo uja anavomera ndi mutu. Kenako anapita kwa ada Longwe, ananong'onezana nawo, ndipo mkuluyo anaimirira n'kuuza anthu kuti a Mphande ndi anzawo akupepesa kwa mayi Makwinja chifukwa chowapitira pakhomo mwa mtundu uja. Godwin anabwera yekha, chipewa chili m'manja, n'kunena mawu awiri okha, "Mutikhululukire, amama." Ndaona anagwedeza mutu, misozi ikutsikira pabulauzi.

Anthu atabalalika, iye anakhala pamchenga ndi mwala wake. Kagalasi kanali katadutsa m'manja makumi anayi koma iye anali asanayang'anemo. Bridget anamugwirizira. Mbali yopalidwa ija, imene ankaiopa kuti yaonongeka, inali yodzaza ndi timaso tambirimbiri, kalikonse ndi mizere yake, ina yofiira, ina yakuda, tina tobulungira bwino, tina tophwatalala pang'ono. Anakhala akuyang'ana mpaka diso linachita misozi ina.

"Achemwali," anatero potsiriza, "ndilibe mawu. Mwasiya ntchito zanu, mwabwera mtunda wonsewu chifukwa cha munthu amene simumudziwa."

"Ine ndi amene ndithokoze. Mwala wotere ndinaugwirapo kamodzi kokha, m'kalasi, mphunzitsi ataimirira pambali kuti tisaugwetse."

Ndaona anawaumiriza onse awiri, Bridget ndi Rebecca, kuti akwere kunyumba akamwe tiyi. Ali m'njira anagwira dzanja la Rebecca, ndipo Rebecca, kwa nthawi yoyamba chimudziwireni, anayenda osayankhula mpaka pamwamba pa phiri. Atafika, Ndaona anapita kaye kwa ada Longwe, anagwada pakhonde pawo n'kuwathokoza. Mkuluyo anati iwo sanachite kanthu, anangoima pabwalo lawo lomwe. Masana anaperekeza Bridget kokwerera minibasi, atamunyamulira tiyi wa masamba wa ku Thyolo amene ankasungira alendo olemekezeka.

Sikuti tauni yonse inatembenuka tsiku limenelo. Panali mayi wina wa pampopi amene anapitirizabe kukoka mwana wake Ndaona akamadutsa, ndipo ena ankati mwana wa Chawanangwa waphunzira kwambiri mpaka sakuonanso zinthu za kuno. Nsomba nazo sizinabwere msanga. Koma mayi wa chinangwa anavundukula dengu lake Lolemba, mesenjala anayambiranso kumuseka Chitonga chake, ndipo mphunzitsi wina wa sekondale anabwera kudzapempha ngati angabwereke mwalawo tsiku limodzi. Ndaona anati aubweretsa yekha, ndipo anakaima kutsogolo kwa kalasi n'kufotokoza zimene anamva ku Mwaya.

Patatha milungu itatu, Lachisanu mmawa, mvula yoyamba itagwa, anamva kuodira pakhomo. Anali Godwin, atanyowa mapewa, m'manja muli botolo la pulasitiki lodzaza matope akuda.

"Ndamva kuti mawa mukupita ku Mzuzu," anatero. "Mukampatse mwana uja. Mukamuuze kuti ndi a malo aja ndinanena."

Ndaona analandira botolo ndi manja awiri n'kulikweza kumene kunali kuwala. M'matopemo munkaoneka tinthu tofiirira, koma sakanatha kudziwa ngati n'timene Bridget ankafuna.

"Ndikampatsa, bambo. Lowani mudikire mvula ikate."

"Ayi, anthu akundidikira kumaboti." Anatembenuka, anayenda mapazi angapo, kenako anaima. "Akakaona, adzandiuze. Kaya n'timeneto kaya si timeneto, ndikufuna ndidziwe."

Ndaona analonjeza. Anakulunga botolo lija m'pepala kuti lisadonthe, analiika m'chikwama cha ulendo, n'kutenga ambulera yake kutsika phiri kupita kuntchito.